Ba Daka ndi Mpando wa Kumanja

Tinawaika Ba Daka mwezi wathawu, mvula isanayambe, ndipo pamaliro awo anthu analankhula za galimoto kuposa za munthu. Abusa anaitchula mu ulaliki. Mwana wawo Dalitso, amene anabwera kuchokera ku Kitwe, anaitchula pothokoza anthu. Ngakhale azimayi amene tinkaphika kuseri kwa nyumba, tikaweramuka pamoto maso ankathera pa chinthu chofiiracho, chili pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, chopanda matayala akutsogolo. Mayi wina amene wangobwera kumene mu Matero muno anaseka n'kunena kuti madalawo anapenga nayo galimoto yawo. Ndinamuyang'ana mpaka anatenga ndowa n'kupita kukatunga madzi amene sitinkawafuna. Ndakhala mpanda umodzi ndi banja limeneli kuyambira ndili wongokwatiwa kumene, ndipo ndikudziwa kuti nkhani sinali ya galimoto. Inali ya mpando umodzi wa m'galimotomo, wa kumanja, ndi mayi amene ankakhalapo.

Mayi wosekayo sindikumuimba mlandu kwambiri. Amene anawadziwa Ba Daka m'masiku awo omaliza anangoona nkhalamba yovala ovolosi yosuluka, yoyenda wapansi m'mayadi ogulitsa zitsulo zakale, lero ku George mawa ku Mandevu, ikufunsa chitsulo chimene aliyense ankati kulibe mu Zambia muno. Ogulitsawo ankayamba kupukusa mitu iwo asanatsegule pakamwa. Koma ine ndinawadziwa ali munthu woti akakuwa pamsewu, minibasi inkaima.

Anali aafupi, a manja aakulu osalingana ndi thupi lawo, ndipo anali ndi mtima wapachala. Umakaniko ankachitira pabwalo la nyumba yawo pomwepo. Galimoto ikabwera ankayamba ndi kuuza mwini wake kuti akhale chete, kenako n'kuika chogwirira cha sikuludiraiva kukhutu, nsonga yake pa injini, maso atatseka. Ankakonda kunena kuti galimoto yolira ndi yachilungamo chifukwa imakuuza pamene pakupweteka, yoopsa ndi ija yachete. Madalaivala a minibasi obwera ndi zitsulo zomanga ndi nsanza ankawabweza asanalowe pageti. Ndi ine tinakangana za nkhuku zanga, zimene zinkakonda kugona pa boneti yofiira ija, ndipo tinakangananso za zovala zimene ndinkayanika zikudontha pafupi ndi mpanda. Ndine telala. Pamene anandipatsa ntchito yosoka zophimba mipando ya galimoto yawo, anandibwezera kangapo, ati msoko wa mpando wa kumanja ukuwakanda Amake Dalitso pamsana. Amake Dalitsowo, akazi awo, anali asanadandaule n'komwe.

Galimotoyo inali ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri, yopanda denga, yoyandikana ndi nthaka moti mvula ikagwa madzi a m'misewu yathu ankaifika m'mimba. Ba Daka anaipeza ali achinyamata, akugwira ntchito pagaraja ina ku Chingola, m'masiku amene dziko la Congo linkatchedwa Zaire. Mzungu wina anaoloka nayo malire, injini n'kufera pagarajapo, iye n'kupita osabweranso. Palibe ankaifuna, chifukwa chiwongolero chake chinali kumanzere, monga zilili galimoto za kumaiko kumene amayenda mbali inayo ya msewu. Ba Daka anaiukitsa, ndipo posamukira ku Lusaka anabwera nayo, akazi awo atafukata khanda pa mpando winawo. Kuyambira pamenepo komboni yonse inawatcha Ba Lefuti chifukwa cha chiwongolero cha kumanzerecho, ngakhale palibe ankalimba mtima kuwatchula choncho pamaso pawo.

Anthu ankabwera kudzaipempha kuti inyamule mkwatibwi. Ngakhale mkulu wina wa mpingo anabwerapo, mwana wake akukwatiwa. Ba Daka anamumvetsera mpaka anamaliza, akupukuta manja pa kansanza, kenako anati, "Ba elda, motoka iyi ili chabe na mipando ibili. Uyu ni wanga, uyu uli na mwine wake. Manje mwana wanu azankala pati?" Mkuluyo anatha miyezi osawalonjera.

Sanali kukokomeza. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, ndiye dalaivala wokhala kumanzere akakhala kumbuyo kwa lole saona chimene chikubwera kutsogolo. Amangoona matayala a loleyo ndi udzu wa m'mbali. Amene amaona msewu ndi wokhala kumanja. Choncho Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, awiriwa akatuluka kupita ku Kafue kukagula nsomba kapena kungokazungulira, maso a galimotoyo anali Amake Dalitso. Ba Daka akafika kumbuyo kwa lole ankafunsa kuti, "Tili bwanji uko?" Mayiwo ankapendeketsa mutu pang'ono n'kuyankha ndi mawu amodzi mwa awiri. Akati "Osayesa," Ba Daka ankakhala kumbuyo kwa loleyo akumwa utsi mpaka kalekale. Akati "Pitani," ankatuluka osasuzumira n'komwe. Mawu awiriwa anafika mpaka mumsewu mwathu, moti mwana akatambasulira dzanja mumphika amake ankangoti osayesa, m'mawu a Amake Dalitso.

Iwo anali mayi wamtali, wa ku Petauke, wolangizidwa mwachikale. Popereka madzi kwa amuna awo ankagwada mpaka mawondo atakana. Sindinawamvepo akutsutsa Ba Daka pagulu, ngakhale pamene madalawo akunena zoonekeratu kuti n'zolakwa. Tsiku lina tikusankha nyemba pakhonde ndinawaseka za kugwadako, ndipo iwo anaseka nane, kenako ananditchula ndi dzina la mwana wanga, nati, "Mu nyumba muno ndine chabe mukazi, amake Chisomo. Koma mu motoka muja, ba Daka sibanyamula kwendo ngati sininakambe." Anazinena motsitsa mawu, koma nkhope yawo inali ya munthu amene ali ndi munda wakewake.

Za tsiku limene zinthu zinatembenuka ndinazimva kwa onse awiri, aliyense payekha, ndipo mawu awo sanasiyane. Inali nyengo ya mphepo ndi fumbi. Anali pa msewu wa ku Kafue, kumbuyo kwa lole yodzaza makala imene inkakwawa pamtunda. Ba Daka anafunsa funso lawo, Amake Dalitso anapendeketsa mutu, nati, "Pitani." Ba Daka anatuluka. Atafika pakati pa loleyo anangoona basi yaikulu ili pomwepo, nyali zikuphethira. Kobwerera kunalibe. Anaponyera galimoto kumanja kwenikweni, kudula kutsogolo kwa basiyo, n'kukalowa m'udzu wa tsidya la msewu. Palibe anavulala. Inangosweka nyali imodzi.

Atazimitsa injini Ba Daka anakalipa. "Amake Dali, simunaione basi ija?"

Mayiwo anaika manja pa miyendo. Kenako anafunsa, "Basi iti?"

M'udzu momwemo ndi mmene anaulula. Matenda a shuga anali atawadya maso pang'onopang'ono, ndipo pafupifupi chaka chathunthu ankangoona zithunzithunzi. M'nyumba palibe anazindikira, chifukwa ankadziwa pamene pali chinthu chilichonse, ndipo ngakhale ine amene ndinkakhala nawo pakhonde sindinaone kanthu. M'galimoto ankagwiritsa ntchito makutu. Popeza inalibe denga, ankamva chimene chikubwera chikadali kutali, mpaka kusiyanitsa basi ndi lole. "Chaka chonse nenze kumvela na makutu, sininalakwepo," anawauza amuna awo. "Lelo ni mphepo chabe yaninamiza."

Mawu omalizawa Ba Daka sanawasunge. Chimene chinawalowa mumtima n'chakuti mkazi amene ankadya naye mbale imodzi anachita khungu iwo osadziwa. Madzulo a tsiku lotsatira ndinawapeza ataima pampanda, osachita kanthu, chinthu chimene sindinachionepo. Anati, "Amake Chisomo, ine nimvela bauti yamasuka mu motoka ya munthu wina ili mu msewu. Koma bakazi banga sininaone." Munthu amene ankakuwa minibasi n'kuima analira pamaso panga, ndipo ine ndinangoyang'ana nkhuku zanga. Kuchipatala anakawauza kuti anachedwa, masowo sangabwerere.

Ba Daka sanali munthu wokhala ndi chisoni m'manja osachipezera sipanala. Pasanathe masiku ambiri analengeza pabwalo kuti asamutsa chiwongolero, achichotse kumanzere achiike kumanja. Akatero adzaona msewu okha, ndipo akazi awo adzangokhala pa mpando wa kumanzere akumva mphepo, opanda chowadetsa nkhawa. Maulendo a Lamlungu sadzatha. Ndinalipo pamene ankanena zimenezi, ndipo ndinamva yankho la Amake Dalitso. Anati, "Musavutike, atate ake Dali."

Mawu amenewa ndiwo anasokoneza zonse. Kwathu kuno mlendo ukamuuza kuti ukumuphera nkhuku amati musavutike, ndipo iwe umaithamangitsa ndithu nkhukuyo, chifukwa ukaileka wamunyoza. Musavutike ndi zikomo wa munthu waulemu. Koma mayi woleredwa ngati Amake Dalitso alibe mawu ena okanira mwamuna wake. Sanganene kuti sindikufuna, sanganene kuti mukulakwa. Zikomo wake ndi ayi wake zimatulukira khomo limodzi, ndipo zili kwa womva kusiyanitsa. Ba Daka anamva zikomo, ndipo msewu wathu wonse unamva zomwezo. Azimayi ankauza amuna awo kuti aphunzireko kwa Ba Lefuti.

Ntchitoyo inali yaikulu kuposa mmene ife tinkaganizira. Ife tinkayesa ndi kungozula chiwongolero apa n'kuchizika apo. Koma zopondera zonse zitatu zinayenera kusamuka, ndi mapaipi ake, ndi mawaya. Khoma lachitsulo limene lili pakati pa injini ndi mapazi linayenera kubooledwa mbali ina n'kutsekedwa mbali ina. Zopukutira galasi zinkapalasira kolakwika, nyali zinkaunika kolakwika. Dashibodi anaijambula pa katoni, n'kutembenuza katoniyo, n'kudula yatsopano pa chitsulo, moti kakabati kamene Amake Dalitso ankasungamo zitambala zawo ndi nshawa zokazinga kanapita kumanzere. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, galimoto ili pa njerwa.

Chovuta koposa chinali chitsulo chimene amakaniko amati raki, chachitali, cha mano, chimene chimakhotetsa matayala akutsogolo dalaivala akapotoza chiwongolero. Ba Mulenga, dalaivala wa minibasi wa mumsewu mwathu amene amadziwa zonse, anati angochitembenuza chakalecho. Ba Daka anachitembenuza, n'kumuuza kuti apotoze chiwongolero kumanja, ndipo matayala anayang'ana kumanzere anthu onse akuona. Raki ya kumanzere ndi ya kumanzere basi. Ya kumanja anakaipeza pafamu ina cha ku Mazabuka, mu galimoto ya mtundu womwewo imene inali itasanduka khola la nkhuku. Atabwera nayo anasangalala moti yakale ija anaipereka kwa otola zitsulo amene amazungulira ndi wilibala, ati isamadzaze malo.

Chilichonse akamaliza ankapita kukawatenga akazi awo pakhonde, n'kuwagwiritsa ndi dzanja lawo pamene awotcherera. "Gwilani apa. Mwamva mwamene yasalalila?" Ndipo mayiwo ankasisita n'kunena kuti, "Mwagwila nchito. Koma musavutike." Ba Daka ankandiyang'ana pamwamba pa mpanda n'kumwetulira, ngati akunena kuti mwaona ulemu wa akazi a ku Petauke.

Lamlungu limene anaitsitsa pa njerwa msewu wonse unatuluka. Amake Dalitso anavala chitenje chawo chabwino. Anayenda okha kuchokera pakhonde, akupapasa thupi la galimoto, ndipo mapazi awo anawafikitsa pa chitseko cha kumanja monga mwa zaka zonse. Atatambasula dzanja kuti akhale, linagunda chiwongolero. Anthu ena anaseka, osati mwachipongwe. Ba Daka anawagwira pamkono n'kuwazungulitsa kutsogolo kwa boneti mpaka mbali inayo, ndipo tinaimba nthungululu pamene ankatuluka pageti.

Anabwerako msanga kuposa masiku onse. Ba Daka anatsika akulankhula kwambiri, ati palibe lole imene inawachedwetsa, zonse anazidutsa. Amake Dalitso anatsika pang'onopang'ono, anaima atagwira chitseko, nati, "Inde, mwayenda bwino mweka." Mweka, ndiye kuti nokha, pamene m'galimotomo anali awiri. Ndinamva pambuyo pake kuti ulendo wonse mayiwo sanatsegule pakamwa. Pa lole ina Ba Daka anaiwala n'kufunsa kuti tili bwanji uko, ndipo funsolo linangopita ndi mphepo.

Lamlungu lotsatira Amake Dalitso anadwala mutu. Linzakelo anati akuyembekezera alendo, amene sanabwere. Linalo unali mwendo. Ba Daka anayesa kupita okha tsiku lina, koma anabwerera asanatuluke mu Matero. Anayamba kukalipira makasitomala popanda chifukwa, ndipo nkhuku zanga zinaona zakuda.

Ine ndilibe ulemu wa ku Petauke, ndiye masana ena ndinawafunsa mayiwo maso ndi maso pakhonde pawo kuti chavuta n'chiyani, amuna awo atawavutikira chonchija.

"Amake Chisomo," anatero, "saka ya unga nayo imakwela motoka. Baiika pa mupando, baipeleka, baibweza. Ine nenze na nchito muja."

"Nanga bwanji simunabauze?"

"Ninabauza. Siku iliyonse nenze kubauza."

Tinali titaiwala kuti pabwalopo panali galimoto ya kasitomala, ndipo pansi pake pankaoneka miyendo iwiri ya Ba Daka ili mu ovolosi. Sipanala imene inkalira inaleka kulira. Miyendoyo sinasunthe kwa nthawi yaitali, ndipo ine ndinatsanzika n'kuzungulira mpanda ndikuyembekezera mkuntho.

Mkuntho sunabwere. M'mawa mwake ndikusesa ndinaona Ba Daka akupita pakhonde pamene akazi awo ankaothera dzuwa. Anavula chipewa, chimene sankavula ngakhale kwa apolisi, n'kukhala pansi pa simenti, mayiwo ali pampando. Anafunsa mawu amodzi, "Nibweze?" Ndinaleka kusesa. Ndinkayembekezera musavutike. Amake Dalitso anati, "Bwezani." Aka kanali koyamba kuwamva akulamula amuna awo ali kunja kwa galimoto.

Tsiku lomwelo galimoto inabwerera pa njerwa. Ndinawafunsa Ba Daka ngati sinali misala kuyenda pamsewu waukulu ndi mawu a munthu wosaona, atatsala pang'ono kufa nazo. Sanakalipe. Anati, "Nizafunsa monga kale. Bakakamba osayesa, siniyesa. Bakakamba pitani, naine nizasuzumila pang'ono, ndiye napita. Maso yanga na makutu yabo. Chamene ninafunika kuchita ni chamene icho, osati kudula motoka." Yankho anali atalipeza, koma raki ya kumanzere ija inali itapita ndi wilibala, ndipo otola zitsulowo anati inasungunulidwa kalekale.

Apa ndi pamene anayamba kuyenda m'mayadi a zitsulo zakale. M'mawa ankapita kukafunafuna, masana ankagwira zimene akanatha kugwira: kutseka mabowo amene anaboola, kutsegula amene anatseka, kubweza zopondera kumanzere. Dalitso anayesa kuitanitsa raki kunja kwa dziko ndi foni yake, koma imene inafika inali ya galimoto ya mtundu wina ndipo sinalowe. Ba Daka anaiyeza, anaibweza m'katoni mwake, m'mawa n'kuyambanso ulendo wa ku Mandevu.

Koma chiwongolero chitachoka kumanja, mpando uja unabwerera kwa mwini wake. Ba Daka anamanga waya kuchokera pa chitseko cha khitchini mpaka pa chikhomo chimene anakhoma pafupi ndi chitseko cha kumanja cha galimoto, wofika m'chiuno, kuti mayiwo azimutsata ndi dzanja popanda wowatsogolera. Masana aliwonse akatsuka mbale, Amake Dalitso ankamanga chitambala, n'kutsata wayayo, n'kukakhala pamalo pawo. Galimoto ili pa njerwa, yopanda chiwongolero mbali iliyonse, amuna awo ali pansi pake. Kuseri kwa nyumba zathu kumadutsa msewu wa tala, ndipo lole ikamveka kutali mayiwo ankapendeketsa mutu n'kunena kuti, "Osayesa." Kuchokera pansi pa galimoto pankatuluka mawu akuti, "Namvela." Nthawi zina ankatsutsana ngati chadutsacho ndi basi kapena thanki ya mafuta, ndipo ankandikuwira kuti ndikasuzumire. Mayiwo sankaphonya. Sindinaonepo awiriwa akuseka ngati mmene ankasekera m'miyezi imeneyo, ndipo ine ndinkasoka misozi ikugwera pa nsalu za anthu.

Amake Dalitso anamwalira nyengo yozizira itafika. Shuga uja anali atatsikira ku impso. Sanadwale nthawi yaitali, ndipo ngakhale ali m'chipatala ankafunsa ngati chitsulo chija chapezeka. Ba Daka ankawauza kuti pali munthu wa ku Chipata komboni amene walonjeza. Munthuyo analipodi, ndipo analonjezadi, koma chimene anali nacho chinali cha thalakitala.

Maliro atatha tonse tinkaganiza kuti madalawo apuma. Dalitso anawapempha kuti angobwezeretsa zitsulo za kumanja zija, poti zonse zinalipo, galimoto iyendenso, iwo azipita nayo kutchalitchi m'malo moyenda wapansi. Anakangana mpaka ndinamva ndili m'nyumba mwanga. Ba Daka anati, "Iwe Dali, ufuna ninkale pa mupando wa amai ako?" Dalitso anabwerera ku Kitwe atakwiya, koma pokwera basi anandipempha kuti ndiziwayang'anira.

Ndinkawapatsira chakudya pamwamba pa mpanda, ndipo ankadandaula kuti ndimathira mchere ngati ndikusunga nsomba. Anaonda. Makasitomala anasiya kubwera chifukwa sankawapeza pakhomo. Tsiku lina anabwera fumbi lili mpaka m'mawondo, akukoka mwendo, ndipo mtima wanga unandipweteka moti ndinawakalipira. Ndinawafunsa kuti ngakhale achipeze chitsulocho, ndani adzawauza kuti pitani, poti mwini mpando anapita. Anakhala pa njerwa n'kuvula nsapato, akukutumula timiyala. Anati, "Bananiuza kuti bwezani. Sibananiuze kuti lekani." Sindinawafunsenso.

Anayenda choncho mpaka chifuwa chinawagwetsa. Tinawatengera kuchipatala pa minibasi ya Ba Mulenga, amene anatsitsa anthu onse pamsewu kuti awanyamule, ndipo panjira Ba Daka anali ndi mphamvu zomuuza kuti kilatchi yake ikutha. Sanabwerereko.

Sabata itatha chiikireni, Dalitso anabwera ndi bambo wina wa kumayadi kwa anthu achuma amene amasonkhanitsa galimoto zakale. Sindimuda Dalitso. Amakhala kutali, ndipo ikanangowola pansi pa mangowo. Anthu amene anabwera kudzainyamula anabwezera matayala n'kufuna kuikankha mpaka pageti, koma wina atalowa kuti aiwongole anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kutuluka. Anachita kuinyamula ndi manja mpaka pa lole. Bamboyo anasangalala kwambiri atapeza zitsulo zonse za kumanja zili m'kachipinda, zopakidwa mafuta, zokulungidwa bwino m'masaka. Anati amene anagwira ntchitoyi anali katswiri, ndipo sizitenga nthawi kuti chiwongolero chibwerere kumanja, galimoto iziyenda ngati zinzake. Ananena moyamikira. Ine ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Tsopano pansi pa mangowo patsala njerwa zimene zinkainyamula, ndi dothi lakuda ndi mafuta limene mvula yoyamba yalephera kulilowa. Nkhuku zanga zimafika pamenepo n'kuima, kenako n'kubwerera. Lole zikudutsabe kuseri kwa nyumba, ndipo palibe amene amazitchera khutu. Waya uja akadalipo. Amayambira pa chitseko cha khitchini, amadutsa pabwalo, n'kukathera pa chikhomo chimene kutsogolo kwake kulibe kanthu. Dzimbiri layamba kumugwira. Mtsikana wa m'banja la achibale limene Dalitso waika m'nyumbamo anandifunsa dzulo kuti wayayo ndi wa chiyani, poti ndi wotsika kwambiri moti zovala zikhoza kukhudza pansi. Ndinangomupempha kuti asamudule.